Lipoti la nthumwi ya ku msonkhano wa mitengo ya magetsi, mafuta ndi madzi

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la eni zigayo, owotcherera zitsulo ndi ometa a kuno ku Kasungu,

Ndikuthokoza kuti munandikhulupirira ndi kundituma ku Lilongwe ku msonkhano wa masiku awiri wa magulu a anthu a malonda ang'onoang'ono, umene unakambirana za mmene boma limayang'anirira mabungwe oika mitengo. Munandipatsira uthenga umodzi, woti ndikapemphe kuti boma liletse bungwe la MERA kukweza mtengo wa magetsi. Uthengawo ndinakaupereka monga munandiuzira, koma ndiulule pachiyambi pomwe kuti ndabwerako ndi maganizo osiyana ndi amene ndinapita nawo, ndipo ndikupempha kuti mumve zifukwa zanga musanandiweruze.

Tsiku loyamba linathera pa kufotokoza kuti amene amaika mtengo ndani. Bungwe la MERA linakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2004 kuti liziyang'anira magetsi, mafuta a galimoto ndi gasi. Magetsi ambiri amapangidwa ndi EGENCO, imene inapatulidwa ku ESCOM mu 2017, ndipo ochuluka amachokera pa mtsinje wa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pamene ena amachokera ku makampani omwe si aboma monga aja a magetsi a dzuwa ku Salima ndi ku Golomoti. ESCOM imagula magetsiwo, kuwayendetsa pa mawaya ndi kutigulitsa ife, koma ilibe mphamvu yodziikira yokha mtengo. Pa zaka zinayi zilizonse imalemba pempho ku MERA lofotokoza ndalama zimene ikufuna ndi ntchito imene igwire nazo, ndipo MERA imaitana anthu kuti apereke maganizo awo isanagamule. Pa nyengo ya 2023 mpaka 2027, MERA inavomereza kuti mtengo ukwere ndi 50.8 peresenti mogawa pa zaka zinayizo, kuyambira ndi 18 peresenti mu September 2023, ndipo chiwerengerochi chinali chotsikirapo poyerekeza ndi chimene ESCOM inapempha.

Palinso kukwera kwina kumene ambiri a ife timakusokoneza ndi kumeneku. Pakati pa zaka zinayi zija, mtengo ukhoza kusinthidwa potengera mmene kwacha yagwera mphamvu ndi mmene zinthu zakwerera mtengo, popeza mathiransifoma, mawaya ndi mamita amagulidwa kunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kugwa kotere sikungalephere kufika pa mita ya chigayo cha ku Santhe kapena ku Chamama.

Nkhani imene inatenthetsa holo inali ya masana a tsiku lomwelo. Katswiri wa malamulo amene ankatitsogolera anatifunsa kuti titchule mwini wake wa ESCOM, ndipo tinayankha kuti ndi boma. Anatifunsanso za mwini wake wa EGENCO, yankho linali lomwelo. Atafunsa za amene amasankha akuluakulu a bodi ya MERA, tinayang'anana, chifukwa nawonso amasankhidwa ndi boma. Choncho boma ndi mwini timu, komanso ndi limene limalemba ntchito woimbira mpira. Ichi pachokha si mlandu, koma chikutanthauza kuti tikamati boma lilowererepo, tiyenera kudziwa kuti tikuitana mbali iti ya boma ndi kuti idzachite chiyani. Kuyang'anira kumene lamulo limalola ndi kwa poyera: makomiti a Nyumba ya Malamulo angathe kuitanitsa akuluakulu a MERA kuti afotokoze zimene agamula, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a kayendetsedwe kolakwika ka ntchito za boma, khoti lalikulu lingathe kuunikanso chigamulo chimene sichinatsate ndondomeko, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limatilola ngakhale ife kulemba kalata yopempha zikalata. Kulowerera kwa mtundu wina ndi kwa mseri, pamene wandale aimba foni n'kunena kuti mtengo usasunthe pakali pano, ndipo palibe chimene chimalembedwa pena paliponse.

Pempho limene munandipatsira, tikaliyang'anitsitsa, likufanana kwambiri ndi kulowerera kwachiwiriku. Amene anandichititsa kuganizanso anali mayi wina wochokera ku Mchinji, amene chigayo chake chimayendera dizilo. Anatikumbutsa kuti mtengo wa mafuta unakhala wosasuntha kuchokera mu November 2023 kwa pafupifupi zaka ziwiri, ndipo pa pepala zinkaoneka ngati ogula tatetezedwa. Koma iye anafotokoza mmene ankagonera pa mzere wa pa filingi sitesheni ndi zigubu ziwiri, nthawi zina n'kubwerera chimanjamanja, kenaka n'kukagula dizilo kwa anyamata a m'mbali mwa msewu pa mtengo woposa wa pa pampu kutalitali, ali ndi mantha kuti mwina ndi wosakaniza ndi palafini ndipo awononga injini. Mu October 2025 mtengo unakwera kamodzin'kamodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mafuta athu amadzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja, kotero kusowa kwake kunali ndi zifukwa zingapo, makamaka kusowa kwa ndalama zakunjazo, koma mfundo ya mayiyu inamveka: mtengo woumirizidwa kukhala pansi timaulipirabe, kungoti timaulipirira kwina. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo ine sindikufuna kuti gulu lathu lisaine pempho limene matope ake sitinawaganizire.

Sindikunena kuti kukwera kulikonse n'koyenera. Pamene MERA ivomereza mtengo watsopano wa magetsi, imaikanso milingo imene ESCOM iyenera kukwaniritsa, monga kuchepetsa magetsi otayika m'njira, kufulumira kulumikiza ofunsira atsopano, kukonza msanga pamene pawonongeka ndi kutolera ngongole kwa amene sakulipira. Apa ndi pamene pali mpata wathu weniweni. Ngati tikulipira mtengo wokwera pa lonjezo loti ntchito ikhala yabwino, tili ndi ufulu wofunsa ngati lonjezolo lakwaniritsidwa gawo lotsatira la mtengo lisanaperekedwe, ndipo tili ndi ufulu wopempha phungu wathu kuti akafunse funso lomwelo mu Nyumba ya Malamulo. Funso lotere ndi lovuta kulizemba kusiyana ndi kungofuula kuti zinthu zadula.

Vuto ndi lakuti ife timapita ku misonkhano yotere ndi mkwiyo koma opanda pepala. Ndinachita manyazi pamene nthumwi ya gulu lina inatulutsa kope la sukulu, lakuda ndi girizi m'mphepete, mmene mnyamata wa pa chigayo chake analembamo tsiku ndi tsiku nthawi imene magetsi azima, nthawi imene ayaka, ndi matumba a chimanga amene abwerera osagayidwa. Kumbuyo kwa kopelo anamatako malisiti onse a mayunitsi. Ine nditafunsidwa kuti kwathu magetsi amazima maola angati pa sabata, ndinangoti amazima kwambiri. Magetsi amazima pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe wa Ana mu January 2022 atawononga Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, koma popanda zolemba sitingathe kusiyanitsa tsoka lotere ndi vuto la waya wa m'dera lathu limene likanakonzedwa tsiku lomwelo.

Ndinatengerapo mwayi kufunsa za dandaulo la anzathu ometa ndi otchaja mafoni amene amachita lendi m'mashopu a mita imodzi. Monga mukudziwa, m'bale wathu wina amalipira kwa mwini nyumba ndalama yoikika mwezi uliwonse, imene yakwera kawiri chaka chino, koma sanaonepo lisiti ngakhale limodzi. Zimene ndinamva n'zakuti kukwera kotere sikuchokera ku MERA, ndipo tisamasakanize nkhani ziwirizi. Ndi nkhani ya pakati pa iye ndi mwini nyumbayo, ndipo njira zake ndi kupempha kuona malisiti, kuikitsa mita yakeyake, kapena kukadandaula ku bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC.

Za madzi tinakambirana mwachidule. Kuno timalandira madzi kuchokera ku Central Region Water Board, imodzi mwa mabodi asanu a madzi m'dziko muno, ndipo mitengo yake imavomerezedwa ndi boma kudzera ku unduna. Nthumwi zambiri zinaona kuti pakufunika bungwe loima palokha lounika mitengo ya madzi poyera monga zimachitikira ku magetsi, ndipo ine ndinagwirizana nazo, ngakhale ndinachenjeza kuti bungwe latsopano limadza ndi ndalama zoyendetsera ntchito zimene pomaliza zimagwera wogula yemweyo.

Tsopano ndikupereka kwa inu zimene ndikuona kuti komiti ikambirane. Popeza nyengo ya mtengo umene ulipowu ikutha mu 2027, pempho latsopano likubwera, ndipo ndikupempha kuti membala aliyense wa chigayo kapena shopu yowotcherera ayambe kusunga kope ngati lija kuyambira mwezi uno, ndi kuti mlembi wathu aziphatikiza ziwerengerozo kumapeto kwa mwezi uliwonse. Ndikupemphanso kuti tilembere phungu wa dera lathu, osati kuti akaletse MERA kugwira ntchito yake, koma kuti akapemphe kuti zotsatira za milingo ija zizifalitsidwa m'Chichewa pa wailesi, ndi kuti msonkhano womvera maganizo a anthu udzachitikenso kuno ku Kasungu, chifukwa mwini chigayo wa ku Nkhamenya sangatseke ntchito tsiku lonse ndi kulipira basi ya ku Lilongwe kuti akalankhule mphindi zitatu. Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka a Msungichuma amene anandiperekeza pa depoti, mudzaona ngati ndafewetsa uthenga wanu, ndipo ndili wokonzeka kuyankha mafunso pa msonkhano wathu wotsatira. Mapepala amene tinalandira ndawasiya kwa mlembi kuti aliyense wofuna awerenge, ndipo malisiti a ulendo pamodzi ndi ndalama yotsala ndapereka kale kwa a Msungichuma.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu