Lipoti la msonkhano wa chitetezo cha makompyuta ndi zinsinsi za anthu

A wapampando, a mlembi, a msungichuma ndi mamembala nonse,

Ndabwerako kumsonkhano umene munandituma, ndipo zikomo pondikhulupirira. Malisiti a mayendedwe ndi malo ogona ndapereka kale kwa a msungichuma. Ndikudziwa kuti ena munadandaula kuti alawansi imeneyi ikanagwira ntchito ina. Ndikupempha muwerenge kaye zimene ndabwera nazo.

Mwambo wotsegulira unatalika ndi malonje. Gawo la ISO 27001, muyezo wa dziko lonse lapansi wa katetezedwe ka uthenga m'mabungwe, linali la mabungwe akuluakulu okhala ndi antchito olemba mapepala okhaokha, ndipo amalonda anaonetsa mapulogalamu awo odula. Pamenepo tisachedwepo.

Chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya Colonial Pipeline, kampani ya ku America imene mapaipi ake amanyamula pafupifupi theka la mafuta a galimoto ndi ndege ogwiritsidwa ntchito kum'mawa kwa dzikolo. Mu Meyi 2021 gulu la mbava lotchedwa DarkSide linalowa m'makompyuta awo ndi kumanga mafayilo pogwiritsa ntchito ransomware, pulogalamu imene imatseka zonse mpaka mwini wake atapereka dipo. Kampaniyo inaimitsa mapaipi kwa masiku angapo, anthu anaima pamizere kufuna mafuta, ndipo inalipira madola pafupifupi 4.4 miliyoni. Mbavazo zinalowera pati? Pa akaunti imodzi ya VPN, njira yolowera m'makompyuta a kampani uli kutali, imene inali itasiya kugwiritsidwa ntchito koma sinatsekedwe. Pasiwedi yake inali itatayikira kale pa intaneti, ndipo panalibe chitsimikizo chachiwiri, chija chakuti ukalemba pasiwedi, foni yako imalandiranso nambala yoti ulembe. Khomo lakuseri linasiyidwa pululu pamene lakumaso lili ndi alonda.

Mphunzitsi anatifunsa kuti aliyense alembe mayina a anthu amene anasiya ntchito m'bungwe lake koma akaunti zawo zikadali zotsegula. Abale anga, dzanja langa linalemera. Imelo ya bungwe lathu ili ndi pasiwedi imodzi imene aliyense amaidziwa, ndi amene anatsanzika kalekale omwe. Nkhaniyi ndinaibweretsa pamsonkhano wathu wapachaka, ndipo ndinayankhidwa kuti kusintha pasiwedi ndi kukayikira anzathu. M'maminitsi simunalembedwe n'komwe kuti ndinalankhula. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero sindinamve chifukwa chake. Palibe amene ndikumunena kuti ndi wakuba. Munthu wokhulupirika amataya foni, kapena amagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo pa Facebook, ndipo wakuba amatolera pomwepo.

Mphunzitsiyo anafotokozanso za WannaCry, ransomware ina imene inafalikira m'mayiko oposa 150 mu Meyi 2017 ndi kusokoneza zipatala za boma za NHS ku Britain, odwala ambirimbiri n'kubwezedwa osaonana ndi dokotala. Microsoft inali itatulutsa kale update, chokonzera vuto la mu Windows limene WannaCry inalowerapo, m'Malichi chaka chomwecho, koma ambiri anali asanachiike. Ife kompyuta ya muofesi ikapempha update timadina kuti idikire poopa kutha kwa bandulo. Chizolowezi chimenechi chithe.

Pa za malamulo anatenga chitsanzo cha GDPR, lamulo la mayiko a European Union limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, ndipo mayiko ambiri atengerapo polemba awo. Bungwe likaberedwa uthenga wa anthu liyenera kudziwitsa olamulira pasanathe maola 72 chidziwireni, ndipo chindapusa chimatha kufika mayuro 20 miliyoni kapena 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yapeza pachaka. Chindapusacho sichinandiopse kwenikweni. Mfundo imene ndikufuna tiigwire ndi yakuti usatole zimene sukuzifuna, ndipo usasunge kupitirira nthawi imene ukuzifuna. Ife timapempha fotokope ya chiphaso, nambala ya akaunti ya kubanki ndi mayina a olowa m'malo kwa membala aliyense, ndipo za anthu amene anatuluka, ngakhale amene anatisiya, zikadali m'kabati yosakhoma. Mndandanda wa angongole unatumizidwapo pa gulu la WhatsApp, mayina ndi manambala a foni poyera. Amene anachititsidwa manyazi tsiku lija sanapepesedwe. Zinthu zimenezi ndi za eni ake, anangotisungitsa.

Msonkhano umene munanditumawu unagwirizana kuti bungwe lililonse lisankhe munthu woyang'anira chitetezo cha uthenga wa anthu, likhale ndi ndondomeko yolembedwa ya chochita likaberedwa, ndiponso liganizire zogula inshulansi. Ziwiri zoyambazo ndinavomera ndi mtima wonse. Za inshulansi sindinagwirizane nazo, ndipo ndinanena pomwepo: makampani a inshulansi amayamba afunsa ngati muli ndi chitsimikizo chachiwiri ndi makope a mafayilo, ndiye ife tikafika kumeneko tilibe choyankha. Pa za woyang'anira, maganizo anga ndi akuti asakhale yemweyo amene amakonza makompyuta kapena kusunga kaundula, chifukwa munthu sangadzifufuze yekha. Ndikudziwa kuti ena muganiza kuti ndikudzikonzera mpando. Sankhani wina aliyense, ine ndimuthandiza, bola akhale ndi mphamvu yokana ngakhale wapempha mafayilo ndi wamkulu.

Za makope anatiphunzitsa lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa ofesi ndi losalumikizidwa. Kaundula wathu yense ali pa laputopu imodzi imene imagona kunyumba kwa munthu.

A wapampando, ndikupempha kuti pamsonkhano ukubwerawu nkhaniyi ikhale pamwamba pa ajenda, isaponyedwe ku zina ndi zina anthu atatopa. Tikatseke akaunti za onse amene anachoka, aliyense akhale ndi yakeyake yokhala ndi chitsimikizo chachiwiri, ndipo tigwirizane tsiku lowotcha mafotokope amene sitikuwafunanso. A mlembi, chonde ulendo uno zilembedwe m'maminitsi. Mapepala onse a kumsonkhano ndawasiya muofesi kuti amene akufuna awerenge tsikulo lisanafike.

Ine wanu,
Nthumwi yanu