Kuloweza fomula ya mtunda kukugwetsa ana pa fizikisi

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga komanso ophunzira amene ayamba kumene fizikisi, pa mutu wa kayendedwe ka chinthu choponyedwa, kaya ndi mwala wa pa legeni, mpira kapena madzi otumphuka pa paipi. Ana ambiri amaloweza fomula imodzi yopezera mtunda, R = u² sin 2θ ÷ g (R ndi mtunda, u ndi liwiro lonyamukira, θ ndi ngodya yoponyera, g ndi kukoka kwa dziko), n'kumaipachika pa funso lililonse. Fomulayi ndi yoona ndithu, koma imagwira ntchito pokhapokha chinthucho chikatera pamalo ofanana kukwera kwake ndi pamene chinanyamukira. Funso likangotchula phompho kapena denga, woidalira uja zake zada.

Choyenera kuphunzitsa ndi chimene Galileo analongosola mu 1638, choti chinthu choponyedwa chimayenda maulendo awiri nthawi imodzi. Cham'mbali chimayenda pa liwiro losasintha, poti tikanyalanyaza mpweya palibe chochikankha kapena chochibweza. Pokwera ndi potsika dziko limachikoka, ndipo liwiro lake limasintha ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, ndiye g uja. Pano ndigwiritsa ntchito 10 kuti masamu apepuke, koma pa mayeso tsatani nambala imene funso lapereka. Chimene chimalumikiza maulendo awiriwa ndi nthawi basi. Ndiye mwana ajambule kaye chithunzi, alembe mzere pakati pa pepala, za m'mbali kumanzere, zokwera ndi zotsika kumanja, ndipo nambala yokhayo yololedwa kuwoloka mzerewo ikhale t, kutanthauza nthawi.

Amene akukayika aone ndi maso. Ikani ndalama ziwiri zachitsulo m'mphepete mwa tebulo, imodzi muigwetse chabe, inayo muitheneze ndi chala kuti iuluke cham'mbali, zonse zichoke pamodzi. Pa simenti mumva kulira kumodzi. Ngati tebulo ndi lotalika mamita 0.8, zonse zifika pansi pa masekondi 0.4, kaya yothenezedwayo yapita kutali bwanji. Wazani ufa pang'ono pansi kuti pamene yatera paoneke. Ikatera mamita 1.2 kuchokera pansi penipeni pa mphepete mwa tebulo, ndiye kuti inachoka pa liwiro la 1.2 ÷ 0.4, mamita 3 pa sekondi. Mwapeza liwiro ndi tepi yokha, wotchi osaigwira.

Tsopano funso la pa bolodi. Mwala waponyedwa chopingasa pa 15 m/s (mamita 15 pa sekondi) kuchokera pa phompho la mamita 20. Liwiro loyambira lopita pansi ndi 0, osati 15, ndipo ambiri amaphonya pomwepa. Choncho mtunda wotsika ndi ½ × g × t², ndiye 20 = ½ × 10 × t², t² = 4, t = masekondi 2. Woloketsani 2 uja: 15 × 2, mwala watera mamita 30 kuchokera patsinde. Akafunsa liwiro lofikira pansi, lotsika ndi 10 × 2 = 20, la m'mbali likadali 15. Musaphatikize n'kulemba 35, chifukwa awiriwa akumana pa ngodya ya madigiri 90. Tsatani Pythagoras: 15² + 20² = 225 + 400 = 625, square root yake ndi 25, yankho 25 m/s.

Chinthu chikanyamuka chopendekeka, gawani kaye liwiro. Mpira womenyedwa pa 20 m/s, madigiri 30 kuchokera pansi, uli ndi 20 cos 30 = 17.3 m/s cham'mbali ndi 20 sin 30 = 10 m/s chokwera. Dziko likudya 10 sekondi iliyonse, ndiye kukwera kutha pa sekondi imodzi, mpira uli mamita 5 m'mwamba. Kutsika ndi sekondi inanso. Mtunda ndi 17.3 × 2 = mamita 34.6. Mukaumenya pa madigiri 60 utera pomwepo, kungoti udutsa mamita 15 m'mwamba n'kukhalitsako masekondi pafupifupi 3.5. Pa madigiri 45 ufika mamita 40, ndipo pa liwiro limeneli palibe ngodya ina yoposa pamenepo.

Mpaka apa fomula yoloweza ija ikugwirizana nafe. Koma kwezani mpira womwewo pa denga la mamita 15, liwiro ndi ngodya zomwezo. Tisankhe kuti kumwamba ndi +, pansi ndi −, ndipo tisasinthenso mpaka funso lithe. Mpira utera mamita 15 kunsi kwa pamene unanyamukira, choncho −15 = 10t − 5t². Tikagawa ndi 5 n'kukonza, t² − 2t − 3 = 0, kutanthauza (t − 3)(t + 1) = 0. Mayankho ndi 3 ndi −1. Wa −1 tiutaya poti ukuloza nthawi mpira usanamenyedwe. Mtunda ndi 17.3 × 3, pafupifupi mamita 52. Woloweza uja alemba 34.6 molimba mtima, osadziwa kuti wataya sekondi yathunthu imene mpira unali kutsika kunsi kwa denga. Wina alemba +15 m'malo mwa −15, apeza nambala ya negetivu mkati mwa square root, n'kuyamba kunena kuti funso ndi lolakwika. Funso lili bwino, kungoti iye wafunsa nthawi imene mpira ufike mamita 15 pamwamba pa denga, chonsecho umalekera pa mamita 5.

Pali kachikhulupiriro kena kovuta kuzula, koti pamwamba penipeni chinthu chimaima. Chimene chafika pa 0 ndi liwiro lokwera lokha. La m'mbali, 17.3 uja, lilipobe, ndipo dziko silinasiye kukoka. Likanasiya, mpira ukanangopitirira cham'mbali osatsika.

Zolakwa zina si za fizikisi n'komwe. Calculator ikakhala pa RAD (muyeso wina wa ngodya) m'malo mwa DEG (madigiri), sin 30 imatuluka −0.988, musanayambe yesani sin 30, ikapanda kupereka 0.5 konzani kaye. Liwiro likaperekedwa m'makilomita pa ola, gawani ndi 3.6, mwachitsanzo 72 km/h ndi 20 m/s. Ngodya ikayezedwa kuchokera ku mzere woimirira, sin ndi cos zimasinthana malo. Ndipo funso likatchula kuti mwala ukulemera makilogalamu 2, ndi msampha chabe, kulemera sikulowa m'masamu amenewa.

Aphunzitsi anzanga, tiziwauzanso ana kuti pa bwalo lenileni mpweya umabweza mpira, kotero umatera pafupi kuposa mmene pepala likunenera, ndipo njira yake potsika imakhala yotsetsereka kwambiri kuposa pokwera. Pempho langa ndi loti fomula ya R tiziipereka kumapeto kwa mutu, ana ataitulutsa okha kuchokera ku mbali ziwiri za pepala lija, komanso pa homuweki iliyonse pazikhala funso limodzi la pa denga kapena pa phompho.

Mphunzitsi wa fizikisi,
Zomba