Strudel yeniyeni imafuna manja ndi chitenje, osati pastry ya mushopu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa zomwe munalemba pa tsamba la zophikaphika sabata yatha, za cherry strudel zija, chakudya cha ufa wopyapyala wopindiramo zipatso za cherry nkuphika mu uvuni. Choyamba zikomo, ine ndinkayesa kuti mu Lilongwe muno ndatsala ndekha wovutika ndi chakudya chimenechi. Koma pali pomwe mwatisocheretsa ndipo sindingangokhala chete. Mwati tikagule pastry, ufa wokanda kale, ija imakhala mufiriji kushopu, tithiremo zipatso, tipinde, basi tamaliza. Ayi a Mkonzi, imeneyo ndi pie yongobwereka dzina la eni ake, komanso ndi angati kuno ku Area 25 angakwere minibasi mpaka mtauni kukasaka pastry yoti ikafika kunyumba yasungunuka kale mchikwama?

Ine ndinaphunzira kwa malemu mayi anga. Iwo anagwirapo ntchito ya ukhuki zaka zambiri kwa banja lina ku Area 10, ndipo dona wa pakhomopo anali wa ku Hungary, kwawoko amati rétes. Dzina loti strudel ndi la Chijeremani, limatanthauza madzi ozungulira aja amachita pa mtsinje, ndipo mukaidula muona chifukwa chake, mkatimo mumaoneka mozungulirazungulira. Kwawo kwenikweni ndi ku Vienna ku Austria, komwe mpaka lero akusunga kaphikidwe kake kolemba pamanja ka mchaka cha 1696. Nde tangoganizani, 1696 firiji inalipo? Anthu amenewo analibe shopu yogulako pastry, anali ndi fulawa, madzi, timafuta ndi manja awo, zomwe ifenso tili nazo.

Nkhani yonse yagona pa ufawo. Makapu awiri a fulawa, ngati magalamu 250, makamaka ya buledi osati ya keke chifukwa ya buledi ndi yomwe imatamuka osaduka, theka la kapu ya madzi ofunda, masipuni awiri a mafuta ophikira, kamchere, ndi kasipuni kamodzi ka viniga. Osathira yisiti, osathira soda, izi si mandasi. Kandani mpaka mikono iwawe, mphindi 10 kapena kuposa, mayi anga ankachita kuwumenyetsa patebulo mobwerezabwereza mpaka aneba kufunsa ngati kuli ndewu. Ukasalala upakeni mafuta, vindikirani ndi mbale yofunda, muusiye ola lathunthu. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa, kupupuluma. Ufa wosapuma sulola kukokedwa, mukati muukoke umabwerera ngati legeni kenako nkung'ambika.

Ukapuma yalani chitenje choyera patebulo, chakalekale chofewa chija ndiye chabwino, wazani fulawa, ikani ufa pakati muufutukule pang'ono ndi mpini kapena botolo. Kenako vulani mphete, lowetsani manja pansi pake, zikhatho ziyang'ane pansi, muziukoka ndi kumsana kwa manja pang'onopang'ono uku mukuzungulira tebulo, kukoka apa, kusuntha, kukoka apo, mpaka kampira kakang'ono kaja kadzaze tebulo lonse nkumalendewera mmbali. Koyamba simukhulupirira. Ine ndili mwana ndinkaona ngati mayi akuchita matsenga. Muyeso wake eni ake amati upyapyale mpaka munthu athe kuwerenga nyuzipepala itaikidwa pansi pake, nde a Mkonzi ngati mumafuna kudziwa komwe nyuzipepala yanu imathera kwathu kuno tikatha kuwerenga, ndi kumeneko. Mitu ikuluikulu imawerengeka msanga, ine ndimadikira mpaka tizilembo ta zamasewera tioneke. Pakabooka kabowo musadandaule, kabisika popinda. Mmbali mokhuthalamo dulani ndi sizasi, ana amakazinga nkudya.

Tsopano za cherry. Apa ndiye munalemba ngati muli ku Ulaya, eti "tengani cherry wakupsa bwino", timutenge kuti? Mtengo umenewu umafuna chisanu chenicheni cha miyezi kuti ubereke, kuno sizitheka, ngakhale ku Joni amalima mmadera ozizira okha ngati ku Ficksburg. Komanso strudel ya makolo awo imafuna cherry wowawasa, ku Austria amati Weichsel, osati tofiira totsekemera tija timaika pamwamba pa keke ya ukwati. Tija ndi shuga yekhayekha, mukaika mu strudel muononga fulawa wanu. Wowawasayo nthawi zina amapezeka wa mubotolo kapena mchitini mmashopu akuluakulu, ine ndinagulako kamodzi pa Khirisimasi, mtengo wake ndinachita kubisa lisiti kuti bambo a kunyumba asaone. Mukamupeza mukhetse madzi onse pa sefa, muonenso ngati nthanga anachotsa chifukwa dzino la munthu si lamasewera.

Koma ine zaka zonsezi ndimapangira mabulosi, omwe ana amangothimbirira nawo milomo mu Seputembala ndi Okutobala ndipo ena amangogwa pansi nkumaola. Sankhani osapsetsa, ofiirirako aja, mufinyiremo ndimu, kuwawasa kwake kumayandikira ndithu. Nthawi ya mapichesi ndi maula ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu ndimapita ku msika wa Lizulu, maula owawasa aja ndiye amachita bwino kuposa zonse. Mango ndinayesa, sindinakonde, amachita phala. Wina adzati nde imeneyo si cherry strudel, chabwino ndavomera, koma eni akewo amaikamo maapulo, tchizi, ngakhale kabichi amene, chilichonse chomwe chili pa nyengo yake, nde ife tichitirenji manyazi ndi mabulosi athu?

China chomwe simunatchule nkomwe ndi zinyenyeswa za buledi, ndipo popanda zimenezi zonse zimathera mmadzi. Buledi wogona muumitse, mumupere, mukazinge mu batala kapena majarini mpaka afiirire. Pakani batala wosungunula pa ufa wonse uja, wazani zinyenyeswazo mbali imodzi, pamwamba pake zipatso, shuga ndi kasinamoni. Zinyenyeswazo ndi zomwe zimamwa madzi a zipatso kuti pansi pasanyowe. Shuga muthire pomaliza penipeni, mukathira msanga zipatso zimayamba kulira misozi musanapinde nkomwe. Popinda musagwire ndi manja, nyamulani chitenje mbali ya zipatsoyo, strudel izigubuduka yokha ngati mukupinda mphasa, mutseke kumapeto, mugubuduzire pa thireyi, mupakenso batala.

Mu uvuni pa madigiri 190, mphindi 35 kapena 40, mpaka ifiirire. Nanga magetsi akathima? Zinandichitikira tsiku la chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, nditangoika kumene thireyi, phethi, mdima. Ndinatsala pang'ono kulira. Apongozi anga ndi omwe anati mwana iwe chigumu timaphika bwanji, nde tinaipinda ngati chikwakwa kuti ikwane mu sefuliya yaikulu, pansi pa mbaula makala ochepa, ambiri pa chivindikiro. Inapserera pang'ono mbali imodzi, tinadula nkubisa, yotsalayo alendo anamaliza mbale isanafike nkomwe kwa ankhoswe. Kuyambira pamenepo sindidaliranso magetsi, chachikulu moto wapansi ukhale wochepa kwambiri chifukwa ufa wopyapyala chonchi suchedwa kupsa.

Ikapsa musathamangire mpeni, idikireni mphindi 20 kuti madzi a zipatso akhazikike, kenako wazani icing sugar, ngati mulibe sinjani shuga wamba mu kamtondo. Ndi tiyi wamkaka imatsika bwino zedi.

Pempho langa ndi loti amene amalemba tsamba limenelo aziyamba ayesa okha kukhitchini asanatiuze, komanso azifunsa kuti zinthuzo zikupezeka pa msika uti. Ngati akukayika zoti fulawa wa makapu awiri angadzaze tebulo, abwere kuno mabulosi akayamba kupsa, abwere ndi wojambula zithunzi komanso nyuzipepala ya tsikulo, chitenje ndi tebulo ndili nazo.

Ndine wowerenga wanu,
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe