Lamulo losainira mnzako alilembe momveka

Akonzi,

Lamulo loti "wachibale wapafupi atha kusainira wodwala", lomwe munalitchula m'nyuzipepala yanu lija, ndi losokoneza ndipo alikonze basi. Wapafupiyo ndi ndani? Mayi anga atagonekedwa mchipatala ndinapita kukawatengera penshoni, kalaliki wina anati mwana ndi wololedwa bola chiphaso, nditabwerera wina pa kauntala yomweyo akuti ayi pakufunika kalata ya loya yosainidwa ndi mayiwo, chonsecho munthu sakutha nkugwira cholembera komwe. Aliyense akungolimasulira mmene wadzukira.

Sindikuti azipatsa aliyense wobwera ayi, akathyali alipo. Koma atchule mmodzimmodzi, mwamuna, mkazi, mwana, mchimwene, anene mapepala ofunika, komanso wodwala akakomoka tizitani. Zimenezo azimate pakhomo pa ofesi, makalaliki nawo aziwerenga.

Wowerenga wodandaula