Mwana wochangamuka tisamusandutse kapitawo wa kalasi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za ana amene sitiwatchula tikamakamba mavuto a sukulu zathu zapulaimale, aja omaliza masamu mphunzitsi asanatsirize kulemba pa bolodi. Za ana otsalira timakamba tsiku ndi tsiku, ndipo n'koyenera. Koma wochangamukayu timangoti ali bwino, adzionera yekha. Ine ndagwira choko mpaka kupuma pantchito, ndipo ndikunenetsa kuti sali bwino ayi.

Chichotsereni fizi kupulaimale mu 1994, nthawi ya a Bakili Muluzi, makalasi adadzaza ndipo sadaphwenso. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma muno mu Mzuzu kalasi ya ana oposa 100 siyachilendo. Mphunzitsi wotere sangachitire mwina, amayenda ndi gulu lapakati. Wakumva msanga uja amapatsidwa pepala kuti azilemba maina a olongolola, kapena kunyamula makope a anzake kupita nawo ku ofesi. Akafika Sitandade 8 timamutsekera m'kalasi m'mawa ndi madzulo, makolo akulipira za patitaimu, kubwereza mapepala akale a MANEB mpaka mayankho atalowa m'mutu. Amakhoza ndithu, n'kusankhidwira ku sekondale yogonera komweko. Koma zaka 8 zonsezo sanakumanepo ndi funso limene mphunzitsi wake sakudziwa yankho lake. Tsiku loyamba kukumana nalo amanjenjemera, poti adazolowera kuti nzeru ndiye kuyankha msanga.

Mafunso oterewa sitingachite kukawagula ku Lilongwe. Ali pakhomo pa sukulu pomwepo. Tauni yathu ndi ya zitunda ndi madambo, mvula yake imachedwa kusiya, ndipo anthu a ku Masasa, Chibavi ndi Mchengautuwa akudziwa zimene madzi amachita akasowa njira. Tengani ana 6, muwapatse chitini chowongoka m'mbali, rula ndi chingwe, muwafunse kuti: madzi otsika padenga la kalasi yathu mvula ikagwa ndi ochuluka bwanji, nanga amapita kuti? Musawauze njira. Wina adzatchera botolo la kukamwa kwakung'ono, wina chitini, m'mawa apeze miyezo yosiyana, mkangano n'kubuka. Mkangano umenewo ndiye phunzirolo. Adzazindikira okha kuti chotcheracho chiyenera kukhala chofanana kukamwa ndi pansi. Kenako adzafika poona kuti mvula ya milimita imodzi ikagwera pa malo a mita imodzi mbali zonse imapereka lita imodzi. Denga la mamita 15 m'litali ndi 8 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 25, limakhuthula malita 3,000, zigubu 150 za malita 20. Mwana amene wadziwerengera yekha zimenezi akayang'ana chigwembe chimene chikudya maziko a kalasi yake, sachionanso ngati tsoka logwa kumwamba. Amayamba kufunsa kuti ngalande ikhale yakuya bwanji, ipendekere kuti, thanki ingafunike yaikulu motani. Apa m'pamene mumaitana mmisiri womanga nyumba kuti awaonetse kuyeza kutsetsereka kwa malo ndi kapaipi koonekera mkati kothiramo madzi, monga amachitira pa maziko.

Ntchito ina ndi ya mlatho. Madesiki awiri otalikirana pang'ono, timizere ta nsungwi, ulusi. Gulu lililonse limange mlatho wake, ndipo tiuyese pokolekapo mabotolo a madzi, poti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Milatho yoyamba imathyoka yonse, ana n'kumafa ndi phwete. Ndidaonapo kamtsikana ka Sitandade 6, kosalankhulalankhula, katagwira zidutswa za mlatho wake n'kumazipinda uku ndi uku. Kadaona kuti pamene panali ngodya zinayi pamapendekeka, koma kakapingasa kamtengo pakati kuti pakhale ngodya zitatu, pamalimba gwa. Kadadzutsa mutu n'kuyang'ana mapaso a denga la kalasi, n'kuti, "Aphunzitsi, kani n'chifukwa chake adakhoma chonchija?" Pa mayeso mwanayu sankafika ngakhale pa nambala 10.

N'chifukwa chake sindikupempha kuti tisankhe a nambala 1 mpaka 5 n'kuwapatula. Za kupatula tidaziona kale: Kamuzu Academy idatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama kuti itenge ochepa okhoza kwambiri, ndipo ena onse adatsala pomwe adali. Khomo la kagulu kochita ntchito zoterezi likhale lotsegula, ntchitoyo ndiyo izisefa. Amene sakuikonda adzasiya yekha pakatha milungu iwiri. Adzatsala ndi ena amene simumawayembekeza, monga mnyamata wovuta uja wopanga galimoto zamawaya zokhota ndi chiwongolero. Atsikana okha muchite kuwaitana ndi maina, ndipo nyundo ndi pulayazi azigwira okha, asamangopatsidwa kope kuti azilemba zimene anyamata apeza.

Timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene adapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14. Koma tizikumbukira kuti adawapanga atasiya sukulu chifukwa cha fizi, nthawi ya njala ya 2002, pothandizidwa ndi buku la mulaibulale yaing'ono ndi zitsulo zotola kudzala. Kumpoto konkuno a Colrerd Nkosi a m'mudzi mwa Yobe Nkosi adayamba ndi dayinamo ya njinga pamtsinje, mpaka adayatsa magetsi m'nyumba za anzawo. Onsewa tidawaombera m'manja atatchuka kale kunja. Luso lawo lidakulira kunja kwa kalasi, ndipo zimenezi kwa ife aphunzitsi n'zochititsa manyazi. Chikhalirecho si zachilendo kuno: sukulu imene Robert Laws adatsegula ku Khondowe mu 1894 inkaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku pamodzi ndi za m'kalasi. Ife ndife tidalekanitsa mutu ndi manja, mpaka mwana wokhoza kumaona ngati kugwira sowo n'kwa olephera.

Ndikudziwa zimene anzanga amene akadali pantchito anene: malipiro ochepa, makope 100 oti achonge, ndiye tiwonjezerenso china? Akunena zoona, ndipo katunduyu asagwere mphunzitsi yekha. Ku Luwinga kuli Mzuzu University, kumene achinyamata akuphunzira zauphunzitsi ndi za magetsi a dzuwa, mphepo ndi madzi. Tili ndi Mzuzu Technical College. Tili ndi owotcherera zitsulo, okonza mawailesi ndi mafoni, okhoma zidebe, ambiri mwa iwo makolo a ana omwewa. Madzulo amodzi pamlungu, ola limodzi ndi theka, sukulu zoyandikana zitha kusonkhana pa TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanirana pa maphunziro awo. Za mipikisano ndi zikho tisathamangire, chifukwa zikalowa zimenezo akuluakulu ndiwo amapanga zinthuzo usiku, mwana n'kungoloweza zokanena pamaso pa alendo.

Pempho langa likupita kwa alangizi a zamaphunziro m'mazoni a mu mzinda uno, aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu. Pokonza ndondomeko ya ndalama zotukulira sukulu chaka chino, ikanimo matepi oyezera, mapulayazi, waya, ulusi ndi mababu a tochi ochepa, ndipo mupeze chipinda chokhoma chosungiramo. Zitini ndi nsungwi ana abweretsa okha. Yambani mvula isanagwe, kuti yoyambirira ikamadzafika zitini zikhale zili kale pabwalo.

Mphunzitsi wopuma,
Chiputula, Mzuzu