Pempho la thandizo lizitchula ndalama zake, ntchito yake ndi wozisunga

Akonzi,

Tipatseniko mpata tilankhule ndi Amalawi anzathu okhala kuno ku Joni, makamaka amene akutsogolera mipingo, magulu a zamaliro ndi timabungwe tothandiza kumudzi. Mvula ikangoyamba kwathu, mauthenga opempha thandizo amadzaza pa WhatsApp. Ambiri amalembedwa ndi mtima wabwino, koma sabweretsa kanthu. Zikutipweteka, chifukwa pa nthawi ngati ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope anakokolola nyumba ku Chilobwe ndipo madzi anasesa midzi ku Phalombe, Mulanje ndi Nsanje, pempho lolembedwa molakwika limatanthauza banja logona panja usiku wina.

Uthenga woti "abale athu akuvutika, aliyense aponye kangachepe" sugwira mtima wa munthu. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg ali ndi lendi yoti alipire, ndipo kumapeto kwa mwezi amatumiza kale ndalama kwawo. Sakukana kuthandiza, koma akufuna adziwe kuti R100 yakeyo ikagula chiyani.

Mizere iwiri yoyamba inene chimene chachitika, malo ake ndi tsiku lake: mudzi, mfumu yaikulu ya deralo ndi boma. Mbiri ya gulu lanu ndi moni wautali zidikire kumapeto, poti pa foni munthu amaona mizere yochepa asanasankhe kupitiriza kapena ayi. Kenako tchulani chimene mukufuna kugula ndi kuchuluka kwake. Mwachitsanzo, mabanja 40, banja lililonse thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro, mankhwala othira m'madzi akumwa ndi pepala lapulasitiki lofolera. Ndowa ndi mankhwalawo musaziiwale, chifukwa kolera imatsatira madzi osefukira, ndipo mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko lathu.

Pa mitengo m'pamene ambiri amagwa. Musalembe mtengo wa chaka chatha umene mukuukumbukira. Wina apite pa msika wapafupi ndi malowo, kaya ku Limbe kaya pa boma, afunse mtengo wa tsiku lomwelo. Onjezerani ya galimoto yonyamula katundu, ya chigayo, ndi imene kampani yotumiza ndalama idule. Lembani zonse pamodzi m'marandi ndi m'makwacha, n'kuikapo tsiku limene munawerengera. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zikatero mitengo ya m'masitolo imasintha m'masiku ochepa, bajeti yakale n'kuperewera. Mukapeza ndalama yonse, igaweni ndi chiwerengero cha mabanja, kuti wowerenga aone kuti banja limodzi likufunika zingati. Munthu amapereka msanga akadziwa kuti iye ndi anzake awiri atha kusenza banja limodzi.

Tsopano za kosungira ndalama. Akaunti ya munthu mmodzi, ngakhale akhale m'busa kapena wapampando wokhulupirika, imabweretsa manong'onong'o. Ndalama za gulu zimasakanikirana ndi zake, ndipo pa tsiku lowerengera palibe angasiyanitse. Tsegulani akaunti ya m'dzina la gulu, yosayinira anthu awiri kapena atatu osakhala pachibale. Mu pempho lembani dzina la akaunti monga lilili ku banki, ndi liwu limodzi loti opereka alembe potumiza, monga "Phalombe", kuti msungichuma asasokoneze zangozi ndi zopereka za mwezi ndi mwezi.

Kulembetsa gulu ngati NPO (bungwe losapanga phindu) ku Department of Social Development ya boma la South Africa, pansi pa lamulo la 1997, n'kwaulere, ndipo nambala imene amakupatsani iziikidwa pa pempho lililonse. Koma kumatenga nthawi, lamulo limapatsa ofesiyo miyezi iwiri youna mapepala anu, choncho ntchitoyi ndi ya mu Ogasiti kapena Seputembala, mvula isanagwe. Chenjezo lina ndi ili: nambala ya NPO siikupatsani mphamvu yopereka chiphaso cha Section 18A chimene makampani amafuna pochepetsa msonkho. Chimenechi chimafuna chilolezo chapadera cha SARS, bungwe lotolera misonkho kuno, ndipo chimakhudza ntchito zochitikira muno m'South Africa. Musachilonjeze kwa abwana anu pofuna kuwakopa. Ngati gulu lanu lilibe mapepala ngozi itagwa kale, dzerani ku mpingo umene uli ndi akaunti yake, kapena lozerani anthu ku mabungwe okhazikika monga Malawi Red Cross Society ndi Gift of the Givers.

Ambiri amakonda kutolera zovala ndi mabulangete. Mtima ndi wabwino, koma katunduyo ayenera kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete asanafike pa Mwanza, ndipo popanda mapepala okonzedweratu ndi a MRA, otolera misonkho ku Malawi, akhoza kukhala pa chipata masiku ambiri. Ndalama yolipira thiraki ikanagula ufa. Ndalama yotumiza pa Mukuru kapena Mama Money imafika msanga pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo katundu amagulidwa pafupi. Nenani mu pempho kuti akalandire ndi ndani, pa udindo wake, ndiponso kuti ofesi ya DC, imene imagwira ntchito ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, yadziwitsidwa. Popanda zimenezi msasa wa m'mphepete mwa msewu umalandira katatu pamene mudzi wa kuseri kwa phiri sunaone n'kamodzi komwe.

Za zithunzi tikupempha ndi mtima wonse. Moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023 unapha anthu 76, ndipo Amalawi analipo pakati pawo. Pa ngozi ngati imeneyo musatumize zithunzi za mitembo kapena za ana ovulala. Mayi kumudzi asamve za imfa ya mwana wake pa Facebook. Musafalitsenso mayina, manambala a pasipoti kapena kumene opulumuka akugona. Ena mapepala awo sali bwino ndipo mukhoza kuwaika m'mavuto ena. Lamulo la POPIA, la muno m'South Africa loteteza zinsinsi za munthu, nalonso limateteza zinthu zotere. Chithunzi cha denga logwa kapena munda wokokoloka n'chokwanira, ndipo ngati mukuonetsa nkhope ya munthu wamkulu, ayambe wavomera.

Ikani tsiku lotsekera, monga masiku 14 kuchokera lero, ndipo nenani poyambirira chimene mudzachite ndalama zikaperewera kapena zikatsala. Pakapita masiku atatu aliwonse lembani zimene zalowa ndi zimene zatsala kuti mufike. Katundu akagawidwa, pasanathe sabata tumizani pa gulu lomwelo malisiti, chikalata cha ku banki mutabisa mayina a opereka, ndi chiwerengero cha mabanja amene alandira chotsimikizidwa ndi amfumu. Wopereka aliyense amene anasiya nambala alandire uthenga wake womuthokoza, ndipo msungichuma awerenge ndalama zonse pamaso pa mamembala pa msonkhano wotsatira.

Ndife owerenga anu,
Amalawi ogwira ntchito m'mabungwe othandiza anthu,
Johannesburg