Za timadontho toyera pa mbuna zanu

Achimwene,

Uthenga wanu wofunsa za madontho omwe aoneka pa mbuna zomwe mukuweta m'thanki ndaulandira pamodzi ndi zithunzi zija. Kuno ku Monkey Bay tonse tili bwino, kungoti dzuwa likuswa mtengo. Kaya inu kumeneko ku Leeds ndi alamu ndi ana, poti mwati kuzizira kwayamba kale.

Nsombazo ndaziyang'anitsitsa. Madontho achikasu ali pa chipsepse cha kunsi, chakumchira, cha yaimuna ija asakudetseni nkhawa. Si matenda, mbuna zimakhala nawo ndipo amagwira ntchito nthawi yoswana. Koma timadontho toyera tomwe tamwazikana thupi lonse, kuphatikiza kudzikhula pamiyala komwe mwanenako, ndi white spot, ena amati ich. Kachilombo kake ndi Ichthyophthirius multifiliis, dzina lomwe Fouquet wa ku France anakapatsa mu 1876. Kawirikawiri kamalowa m'thanki ndi nsomba zachilendo, ndiye ziwiri zomwe munagula posachedwa zija ndikuzikayikira. Onaninso hita yanu, chifukwa madzi akazizira mwadzidzidzi nsomba zimafooka, matendawo n'kupezerapo mwayi.

Tsono mvetsetsani apa, poti anthu ambiri amagwera pomwepa. Kadontho kalikonse ndi kachilombo komwe kaboola khungu n'kukhazikika mkati, monga limachitira thekenya kuphazi. Kali mmenemo mankhwala sakakhudza. Kakakhuta kamatuluka, kugwera pamchenga, kudzikuta m'kachikwa, ndipo mkatimo kamagawikana kukhala tiana mazanamazana. M'kachikwamo namonso mankhwala salowa. Tianato tikaswa timasambira kusaka nsomba, ndipo tikapanda kuipeza m'masiku awiri timafa tokha. Nthawi yokhayo yomwe tikusambira ndiyo mungatiphe. Ndiye tsiku lomwe mudzadzuke n'kupeza nsomba zasalala, musadzaombe m'manja. Tizilomboto tangotsikira pansi kukachulukana. Munthu amaleka mankhwala tsiku limenelo, pakatha sabata thanki yonse yayera mbee, ndipo ulendo uno talowa ndi m'makha momwe, nsomba zili wefuwefu pamwamba pa madzi. Zikafika pamenepo kupulumuka kumavuta.

Kwa mbuna ine ndimayambira kutentha ndi mchere. Madzi akakhala pa madigiri 25, kachilomboka kamatenga pafupifupi sabata kuti kazungulire moyo wake wonse, koma akatentha kamafulumira, tiana n'kutulukira msanga poyera. Kwezani hita pang'onopang'ono, digiri imodzi pa maola angapo, mpaka pa 29 kapena 30. Musakhulupirire manambala a pahita, gwiritsani themomita. Madzi otentha sasunga okosijeni wambiri, choncho pampu ya mpweya isazime usana ndi usiku, ndipo paipi ya fyuluta, chosefera madzi chija, ilozeni pamwamba kuti madzi azigavira.

Mchere ukhale wa m'shopu ya nsomba, wopanda zosakaniza, magalamu 2 pa lita iliyonse. Thanki yanu ya malita 200 ndiye kuti magalamu 400. Muusungunulire kaye m'ndowa, muthire katatu m'masiku awiri, osati kukhuthula kamodzi. Tsiku lililonse kapena kudumphitsa limodzi, yamwani mchenga wa pansi ndi paipi, muchotse gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo. Potero mukutaya tizikwa tambiri tisanaswe. Madzi obwezeramo akhale ofunda chimodzimodzi komanso ochotsedwa kolorini, ndipo muthiremo mchere wolingana ndi madzi mwatayawo basi. Mchere suuma ndi nthunzi, ndiye mukamangowonjezera osawerengera mudzapeza mwapanga nyanja ya mchere.

Pachithunzi china ndaona ndevu zikusuzumira pansi pa mwala. Ngati ndi nkholokolo, samalani, nsomba zopanda mamba sizilimba ndi mchere wambiri ngakhalenso mankhwala. Yambani ndi theka la muyezo, muziiona mmene ikupumira. Zomera nazo mchere umaziwotcha, koma kwa mbuna sindikhulupirira kuti zatsalamo, zinadyedwa kalekale.

Pali mitundu ina ya kachilomboka yomwe kutentha kwa 30 sikuichititsa manyazi. Mukaona kuti patha masiku asanu kapena asanu ndi limodzi timadontho tikungowonjezereka, gulani mankhwala okhala ndi malachite green ndi formalin. Musanathire, tsitsani hita ifike cha pa 27, chifukwa formalin amalanda okosijeni m'madzi. Chotsaninso makala m'fyuluta, apo ayi amwa mankhwala onse ndalama zanu n'kupita pachabe. Werengani malita enieni a madzi, kuchotserapo malo omwe miyala yatenga, ndipo tsatani muyezo wa pabotolo, osati wa pamtima. Mankhwala okhala ndi kopa (mkuwa) ine sindiwakonda, amapha nkhono ndipo amakanirira m'thanki nthawi yaitali. Malachite green ameneyu ndi woletsedwa pa nsomba zodya, ndiye ndikukudziwani inu, ina ikafa musaganize zoikazinga ati pokumbukira kwathu. Ikulungeni muitaye m'bini, osati m'chimbudzi.

Njira iliyonse yomwe musankhe, thanki yonse ndiyo ikudwala, kupatula nsomba imodzi sikuthandiza. Pitirizani kwa sabata yathunthu chionereni kadontho komaliza, kenako muzitsitsa hita pang'onopang'ono ndi kuchepetsa mchere posintha madzi. Chakudya muzipatsa chochepa masiku amenewa. Kaukonde ndi ndowa muziziumitsa gwa mukagwiritsa ntchito.

Zikachira, pezani kathanki kena kakang'ono. Nsomba iliyonse yatsopano izikhala mmenemo milungu itatu kapena inayi isanalowe kwa zinzake. Mtengo womwe mwanditchulira wa mbuna imodzi kumeneko ndinauza anyamata a kudoko, mpaka lero akuti ndikunama.

Munditumizire zithunzi zina Loweruka, makamaka cha nkholokoloyo, ndipo mundiuze zomwe themomita ikunena mmawa ndi madzulo. Amayi anu ndinawaona kutchalitchi, ali bwino, akungodandaula kuti simuimba. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndatha ine mnzanu wa ku Monkey Bay.